Kuwala kwa penti kusakupusitseni pogula galimoto

Amene amakhala pafupi ndi chipata cha Mwanza adazolowera kuona malole ataliatali akulowa m'dziko muno atabereka galimoto, zina pamwamba zina pansi. Zambiri mwa galimotozi zimakhala zoti zidayendapo kale ku Japan, zidatsikira padoko la Durban ku South Africa, n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Zobue. Akangozitsuka fumbi la m'njira, zonse zimanyezimira ngati zangotuluka kumene m'fakitale.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakati pa galimoto zabwinobwino pamakhalanso zina zomwe zidawombanapo kapena kugubuduzika, amisiri n'kuziwongola, kuzimata ndi kuzipaka penti. Wogulitsa akakhala wosakhulupirika, mbiri imeneyi saitchula n'komwe.

Amene amalira ndi banja lomwe lasonkhanitsa ndalama za manachesi, za nandolo, ngongole ya kubanki m'khonde ndi kangachepe kotumiza mwana wa ku Joni kuti ligule Sienta kapena Probox yoti izinyamula anthu pakati pa Mwanza, Zalewa ndi Blantyre. Pakatha miyezi ingapo matayala amayamba kutha mbali imodzi, galimoto imakokera kumanzere, chitseko chimafuna kuchimenyetsa kuti chitsekeke. Makanika akalowa kunsi ndi pomwe amapeza kuti chesisi idawotchereredwa.

Ogula ambiri amakhulupirira kuti galimoto ikakhala ndi mapepala onse a boma ndiye kuti ilibe vuto. Apa ndi pomwe pagona msampha. Bungwe lotolera misonkho la MRA, lomwe lidayamba ntchito m'chaka cha 2000, limaona za msonkho wa galimotoyo. Chikalata cha apolisi a Interpol chimatsimikiza kuti si yakuba. A nthambi yoona za pamsewu amailembetsa ndi kupereka nambala, ndipo chiphaso cha COF chimangonena kuti patsiku lomwe adaiyeza, mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zidali bwino. Mapepala onsewa ndi ofunika, koma ntchito yake si yofotokoza ngati galimotoyo idachitapo ngozi zaka zitatu zapitazo ku Osaka kapena ku Pretoria.

Chikhalirecho mbiriyo imakhala idalembedwa penapake. Ku Japan galimoto zambiri zakale zimagulitsidwa pamisika ya okushoni monga ya USS, ndipo iliyonse imayamba yaunikidwa ndi katswiri yemwe amalemba chikalata chotchedwa auction sheet. Pakona ya chikalatachi pamakhala giredi. Giredi 5, 4.5 kapena 4 ndi galimoto yosamalidwa bwino, 3.5 ndi 3 ndi yotopako. Mukaona chilembo R kapena RA, dziwani kuti galimotoyo idawonongekapo mpaka kukhudza mafupa ake ndipo idakonzedwa. Pachithunzi cha galimoto chomwe chimakhala m'munsi, A ndi pokalika, U ndi pobonyoka, W ndi pomwe adakonza n'kupaka penti, pomwe XX ndi chitsulo chomwe adachotsa n'kuikapo china. Misika imasiyana pang'ono kalembedwe, koma zilembo zimenezi ndi zomwe zimapezeka kawirikawiri.

Galimoto zomwe zidalembetsedwapo ku South Africa nazo zili ndi chizindikiro chake. Code 1 ndi yatsopano, Code 2 ndi yoti idakhalapo ndi mwini wake, Code 3 ndi yomwe idawonongeka kwambiri mpaka kuchotsedwa m'kaundula kenaka n'kumangidwanso, ndipo Code 4 ndi yoyenera kuphwasulidwa basi. Komabe Code 2 si umboni woti sidagundidwepo, chifukwa ngozi zambiri sizisintha chizindikirochi.

Wina angafunse kuti, ngati galimoto ikuyenda, vuto lili pati? Vuto limaonekera tsiku la ngozi yachiwiri. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto zamakono adakupanga mwadala kuti kuzifwanyika ndi kumwa mphamvu ya kuwombana, anthu m'kati n'kupulumuka. Chitsulo chomwe chidapindika kale n'kuwongoledwa ndi moto sichibwerera mwakale. Nayo airbag imaphulika kamodzi kokha. Popeza yatsopano ndi yodula, amisiri ena amangomata chivundikiro cha pachiwongolero, m'kati muli mbee, n'kuzimitsa kagetsi kochenjeza. Pamsewu wa zitunda ndi makona ngati wa Mwanza, mutanyamula ana asukulu ndi amayi a geni, chinyengo chotere mtengo wake ndi moyo.

Safunsa adadya phula. Musanatulutse ndalama, pemphani auction sheet ndipo muone ngati nambala ya chesisi yolembedwapo ikufanana ndi yomwe idadindidwa pagalimoto komanso ya pamapepala a MRA. Wogulitsa akati chikalatacho chidatayika, pali makampani pa intaneti omwe amachifufuza pogwiritsa ntchito nambala ya chesisi mukalipira kangachepe. Zimenezi zimathandizanso chifukwa zikalata zina zimakhala zosinthidwa pakompyuta.

Pitani ndi makanika wanuwanu, osati amene wakupezerani wogulitsa kapena dobadoba. Galimoto muione masana, ili youma, chifukwa usiku ndi mvula zimabisa zambiri. Imani chapatali muone ngati mtundu wa chitseko ukufanana ndi wa chinzake. Mipata ya pakati pa boneti, zitseko ndi buti iyenera kukhala yofanana mbali zonse. Yendetsani kamaginito kokutidwa m'kansalu pathupi la galimoto: pomwe sikakugwira bwino pachitsulo, mwina adamatapo phala lochindikala. Tsegulani boneti muone ngati mabawuti ogwira mapiko adamasulidwapo. Kwezani kapeti wa m'buti, chotsani tayala lapadera, muone ngati pali makwinya kapena zipsera za kuwotcherera. Mukatembenuza kiyi, kagetsi ka airbag kayenera kuyaka kenaka n'kuzima pakapita masekondi ochepa. Kakapanda kuyaka n'komwe, kayikirani. Pomaliza iyendetseni pamsewu wowongoka mumve ngati ikukokera mbali.

Si kuti galimoto iliyonse yomwe idachitapo ngozi ndi yotaya. Ilipo yomwe idangophwanyika bampala kapena nyali ndipo idakonzedwa mwaluso. Tchimo ndi kubisa, chifukwa wogula amalipira mtengo wa galimoto yabwino pomwe akadadziwa akadanenerera kapena kuisiya. N'chifukwa chake pogula muzilemberana. Pakalata ya mgwirizano palembedwe dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake, nambala ya chesisi, mtengo, ndi mawu oti galimotoyo sidachitepo ngozi, kapena ngati idachitapo, pomwe padakonzedwa. Wogulitsa wokana kusayinira mawu amenewa wakuuzani kale zoona zake. Sungani malisiti, zithunzi za malonda ndi mauthenga onse a pa WhatsApp.

Ngati mwazindikira mochedwa, malamulo sadakutayeni. Lamulo loteteza ogula la 2003 komanso lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, lomwe lidakonzedwanso mu 2024, amaletsa wamalonda kunamiza wogula za katundu wake. Dandaulo mukhoza kukalitula ku bungwe la boma la CFTC, kukapempha uphungu ku bungwe loimira ogula la CAMA, kapena kukasuma kukhoti. Kulikonse komwe mungapite adzakufunsani umboni, ndipo lipoti lolembedwa ndi makanika limalemera kuposa mawu apakamwa.

Kumbukiraninso kuti inshuwaransi ya third party, yomwe ambiri amadula pofuna kukwaniritsa lamulo, imalipira anthu ena omwe mwawapweteka, osati galimoto yanu. Ikafera m'manja mwanu, ngongole ya kubanki m'khonde imatsalabe ikukudikirani. Ndalama yolipira makanika tsiku limodzi siyingafanane ndi zokolola za zaka zitatu.