Musanatumize dipoziti, funsani kuti "Luangwa iti?"

Pali mkulu wina wa ku Kabwata, dzina tisunge, amene mwezi watha zinthu sizinali bwino kunyumba. Madamu anali atatha sabata yonse akuyankha "ehe" ndi "iyayi" chabe, nkhani yake ya tsiku lobadwa limene mkuluyu anaiwala. Anzake pa bawa anamulangiza kuti, "Boyi, maluwa yanasila fashoni. Tenga madamu muyende ku Luangwa pa weekend. Ni pafupi che, Friday mwayenda, Sunday mwabwela."

Mkulu analowa pa Facebook, analemba "Luangwa lodge", ndipo anaona kanyumba kaudzu, dzuwa likulowa, mvuu zili phee m'madzi. Dipoziti inapita usiku womwewo. Lachinayi madzulo ndi pamene anaimba foni kufunsa njira, ndipo wa ku lojiyo anamufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, mubwela na ndeke olo mupitila ku Chipata?" Lojiyo inali ku Mfuwe.

Musamuseke kwambiri, ambiri mumzinda muno amasokoneza. Mtsinje wa Luangwa ndi umodzi koma ndi wautali. Maloji amene amayamba kutuluka mukafufuza pa intaneti ambiri ndi a ku South Luangwa National Park, ku Mfuwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 700 kudzera ku Chipata. Kumeneko ndi kwa tchuthi chenicheni, osati kwa munthu amene Lolemba m'mawa afunika kukhala pa basi ya ku ntchito. Luangwa imene anzake aja ankanena ndi ya ku Boma, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Feira, ndipo ili m'chigawo cha Lusaka momwemuno. Mumatenga Great East Road, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, kutsika mapiri a Manenekela mosamala, mpaka pa msika wa pa Luangwa Bridge, makilomita ngati 230 kuchokera mu tauni. Musanawoloke mlatho mumakhotera kumanja, n'kutsika ndi mtsinje makilomita ena pafupifupi 90 pa tala. Opanda galimoto amakwera mabasi a ku Chipata pa Intercity, n'kutsikira pa mlatho kukapeza zowafikitsa ku Boma.

Nanga kuli chiyani kumeneko? Pa Feira ndi pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo mukaima m'mbali mwa madzi mumaona maiko atatu nthawi imodzi. Kutsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dzina lakuti Feira ndi la Chipwitikizi, limatanthauza msika, chifukwa Apwitikizi ankachitirapo malonda a minyanga ndi golide zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pake panadutsanso malonda a akapolo. Mlambe waukulu wa pa Boma anthu amakuonetsani akamafotokoza mbiri imeneyo. Kulibe ma mall, kulibe ma club a phokoso mpaka m'bandakucha. Kuli madzi, mabwato, nsomba ndi bata. Ngati mnzanuyo sakhala mphindi khumi popanda Wi-Fi, kambiranani musanalipire.

Tsopano pa kusankha malo ogona. Chithunzi chimakuonetsani bedi loyala bwino ndi maluwa pa pilo, koma zimene zimapanga weekend ya ku Feira kukoma kapena kuwawa sizioneka pa chithunzi. Zimamveka pa foni. Imbani, musangolemba pa WhatsApp.

Yambani ndi malo enieni. Mawu akuti "pa mtsinje" ndi otakata. Malo ena ali chakumlatho, ena ali m'kati mwa Boma pafupi ndi msika ndi maofesi, ena ali m'mbali mwa Zambezi kulowera ku Kavalamanja, kumene amakonda anthu obwera kudzawedza mcheni. Gesiti hausi ya m'Boma ndi yotsika mtengo, koma ina inamangidwira anthu a ma workshop ndi amalonda a nsomba, oti agone adzuke apite. Sikulakwa, kungoti si yopepesera madamu. Funsani kuti mukakhala pakhonde la chipinda mumaona madzi kapena mpanda wa aneba, komanso ngati kagalimoto kanu kotsika kangafike pageti.

Nkhani yaikulu ndi kutentha, ndipo apa ndi pamene anthu a mu Lusaka amagwa. Mzinda wathu uli pamwamba, mamita oposa 1,200. Pa Feira ndi pamalo potsika kuposa pena paliponse mu Zambia, mamita 329 chabe. Mu October ndi November kutentha kumatha kupyola madigiri 40, ndipo usiku malata amakhala akubwezabe moto wa masana. Mtsikana wina wa ku Chelstone amene anapitako ndi anzake nthawi imeneyo akuti, "Tinagona panja pa simenti monga nkhuku zodwala, AC inali che yokongolesa chipupa." Ndiye musafunse kuti "muli ndi AC?" chifukwa yankho ndi inde nthawi zonse. Funsani kuti malaiti akapita chimayaka n'chiyani, sola kapena jenereta, ndipo chimayendetsa fani usiku wonse kapena mababu okha. Funsaninso za madzi osamba, ngati ali m'thanki kapena ndi a m'baketi. Neti ya udzudzu si nkhani yochitira manyazi, kuchigwa malungo ndi enieni, ndipo neti yobooka ili ngati kulibe. Kwa ine, miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino. Kumakhala kofunda bwino pamene mu Lusaka tikunjenjemera, ndipo chapakati pa miyezi imeneyi masau amakhala atapsa.

Za "bed and breakfast" funsani kuti breakfast yake ndi chiyani. Kwina ndi mazira, soseji ndi tiyi wamkaka. Kwina ndi kapu, shuga ndi bani imodzi yogawana. Malo ang'onoang'ono ambiri saphika ngati simunanene, choncho odani nsima ndi nsomba mukadali m'njira, apo ayi mudzagona ndi mabisiketi. Ndipo dziwani kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Wokulonjezani nsomba yaiwisi tsiku lililonse nthawi imeneyo, mufunseni kuti akuitenga kuti.

Nyama nazo si za pa chithunzi chokha. Njovu zimayenda m'midzi ya m'bomali, makamaka nthawi ya masau, mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu, ndipo ng'ona za m'mitsinje iwiriyi sizidziwa kuti ndinu mlendo. Malo abwino amakhala ndi mlonda usiku ndipo amakuuzani okha pamene simuyenera kufika. Boti yokayenda pa madzi ikhale ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Mukafuna kukaponda ku Zumbo, tengani pasipoti mudzere kwa a Immigration, musangodumphira m'bwato chifukwa wopalasa wanena kuti "kulibe vuto".

Mukamafunsa zonsezi, mvetserani mmene munthuyo akuyankhira. Amene pa chilichonse akuti "zonse zilipo bwana, tumizani che" ndimamuopa. Amene akuti "AC ilipo koma malaiti yakayenda tisebenzesa fani ya sola, ndipo mwezi uno kwapya, ngati mungakwanise bwelani mu June", ameneyo ndiye mwini malo woti mugoneko, ngakhale makatani ake atakhala akale. Mupempheni akuonetseni chipinda pa video call, bafa ndi panja pomwe. Potumiza dipoziti onani dzina limene latuluka pa mobile money, ngati silikugwirizana ndi amene mukulankhula naye funsani chifukwa chake, ndipo musalipire zonse musanaone kiyi. Nyamulaninso ndalama zina m'thumba, netiweki ya kumalire ili ndi masiku ake.

Mkulu wa ku Kabwata uja dipoziti yake inabwerako theka, atachonderera masiku atatu. Kunyumba anayenera kuulula zonse, ndipo madamu, m'malo mokwiya, akuti anaseka mpaka kugwira m'mimba, koyamba sabata imeneyo. Ulendo wachiwiri anaimba foni ndi madamu eni ake, ali ndi kapepala ka mafunso m'manja. Mayi wa gesiti hausi ina ya m'mbali mwa Zambezi anawayankha zonse, mpaka kuwauza kuti chipinda cha kumapeto asatenge chifukwa chimayang'ana kumene dzuwa limalowera ndipo chimatentha. Anapita Lachisanu masana, anabwera Lamlungu madzulo ndi nsomba zouma za pa mlatho ndi dengu latsopano.

Lolemba pa bawa anzake anamufunsa kuti zinayenda bwanji. Iye akuti, "Boyi, vonse vili bwino. Koma manje madamu akamba ati chaka chamawa ni ku Mfuwe, pakuti nambala nili nayo kale."