Penti wa injini ya njinga yamoto ndi kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa

Njinga zamoto zambiri zoyenda m'boma la Mambwe ku Zambia, monga Bajaj Boxer, TVS ndi Honda kapena Yamaha zing'onozing'ono, zili ndi injini yopanda radiyeta. Imazizira ndi mphepo basi. Silinda ndi hedi yake zinaumbidwa ndi zipsepse zopyapyala zondandana, ndipo njinga ikamathamanga mphepo imadutsa m'mipata ya zipsepsezo n'kunyamula kutentha. Pa mphamvu yonse ya petulo amene akupsa m'silinda, yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu ndi imene imazunguza gudumu. Yotsalayo ndi kutentha: kwina kumatuluka ndi utsi, kwina kumayenera kuboola chitsulo kuti kukafike panja. Chilichonse chimene chakhala pamwamba pa zipsepse, kaya penti kaya matope, chili panjira ya kutenthako.

Ku Mambwe nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kumtunda. Mfuwe ili pansi m'chigwa, pamamita 500 mpaka 600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Chipata ili pamamita oposa 1,000. Mu Okutobala, mvula isanagwe, masana amapitirira madigiri 40. Msewu wochokera ku Chipata kudzera kwa Jumbe ndi ku Masumba uli ndi phula, koma njira zolowera kwa Msoro, kwa Malama ndi kwa Nsefu ndi mchenga m'chilimwe, ndipo m'dzinja ndi dothi lakuda lomata. M'njira zoterezi njinga imayenda m'giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ikulira kwambiri koma mphepo ikuchepa, kumbuyo kuli munthu wodwala wopita ku chipatala cha Kamoto kapena matumba a thonje. Pisitoni ndi maring'i sizikhalitsa. Tsiku limene makaniko wamasula injini kuti aikonze yonse ndi limenenso mwini njinga amaganiza zopaka penti, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene zipangizo zili padera, zosavuta kutsuka.

Ntchito yeniyeni ya penti pa injini ndi kuletsa dzimbiri. Silinda za njinga zina ndi chitsulo chakuda cholemera kuyambira mkati mpaka kuzipsepse, pamene zina ndi aluminiyamu wokhala ndi chitsulo mkati mokha moyenda pisitoni. Maginito amasiyanitsa msanga: akamata pazipsepse, ndi chitsulo, ndipo chikasiyidwa chosapaka chimachita dzimbiri dzinja limodzi lokha. Ekizozi ndi chimodzimodzi. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma amatuwa n'kumatuluka ufa woyera akakhalitsa m'chinyontho. Hedi ya aluminiyamu yosapaka imagwira ntchito bwinobwino, ndipo mafakitale ambiri amaisiya choncho.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti penti wakuda amaziziritsa injini. Muli choonadi pang'ono. Chinthu chotentha chimataya kutentha m'njira ziwiri zikuluzikulu: kudzera m'mphepo yochikhudza, ndiponso kudzera m'cheza chosaoneka ndi maso, chomwe munthu amachimva kumaso akaima pafupi ndi moto. Josef Stefan anapeza mu 1879 kuti cheza chimenechi chimakula mofulumira kwambiri chinthu chikamatentha, ndipo Ludwig Boltzmann anafotokoza chifukwa chake mu 1884. Aluminiyamu wopukutidwa mpaka kunyezimira ndi wofooka zedi pa njira yachiwiriyi: amatulutsa pafupifupi magawo 5 pa 100 a cheza chimene chikanatheka, pamene malo opakidwa penti amatulutsa pafupifupi magawo 90. Koma chodabwitsa n'chakuti mtundu wa penti suthandiza kwenikweni. Woyera, wofiira ndi wakuda amatulutsa cheza chosaonekacho mofanana ndithu. Wosiyana nawo ndi wasiliva, chifukwa muli tizidutswa ta aluminiyamu timene timachepetsa chezacho. Ndipo zipsepse zimayang'anizana, motero cheza chochoka pa chimodzi chimangogwera pa chinzake. Njinga ikakhala pa liwiro, mphepo ndiyo imachotsa kutentha kochuluka kwambiri. Penti amathandizako pang'ono pamene njinga yaima injini ikulira, kapena ikukwawa mumchenga. Amene injini yake ikutentha mopitirira muyeso ayang'ane oyilo, kabyuleta, pulagi ndi mavavu. Chitini cha penti sichingamuchiritsire vuto limenelo.

Chimene chili chofunika kuposa mtundu ndi kukhuthala. Penti salola kutentha kudutsa mosavuta: aluminiyamu amamuposa kambirimbiri, kokwana mazana angapo. Komabe akapakidwa mopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.05, omwe ndi theka la kukhuthala kwa pepala la m'kope, cholepheretsa chake ndi chaching'ono, magawo awiri okha pa 100 kapena kucheperapo poyerekeza ndi vuto limene kutentha kumakumana nalo kale pochoka pachitsulo kulowa mumphepo. Akakhuthala kakhumi, monga zimachitikira munthu akapaka ndi bulashi kawiri katatu pamwamba pa penti wakale, nkhani imasintha. Penti amadikha pansi pa mipata ya zipsepse, pamalo enieni otentha kwambiri, ndipo injini imakhala ngati munthu wofunda bulangete mu Okutobala.

Kusankha penti kumayambira pa kudziwa kuti injini sitentha mofanana paliponse. Zivundikiro zam'mbali ndi bokosi la pansi losunga oyilo zimatsatira kutentha kwa oyiloyo, kawirikawiri madigiri 80 mpaka 120. Silinda imaposa pamenepo. Hedi, makamaka pozungulira pulagi ndi potulukira utsi, imafika madigiri 200 kapena kupitirira njinga ikalemedwa. Paipi ya ekizozi pamene yangochoka pa hedi ndi dziko lina: madigiri 500 mpaka 600 si achilendo, ndipo imazizira pang'onopang'ono kulowera kumbuyo. Palibe penti mmodzi woyenera malo onsewa.

Penti wamafuta wopaka zitseko ndi mawindo, komanso wopopera wamba amene amapezeka m'magolosale, amayamba kufewa kapena kusintha mtundu pa madigiri 100 kapena kupitirira pang'ono. Pa hedi amanunkha, amatuwa, kenako amasupuka. Mtundu wachiwiri ndi umene pachitini amalemba kuti engine enamel. Umapirira madigiri 260 mpaka 290, ndipo ukauma mokwanira suopa oyilo kapena madontho a petulo. Uwu ndiwo woyenera silinda, hedi ndi zivundikiro. Mtundu wachitatu ndi wa silikoni, wopangira ekizozi, mbaula ndi zowotchera nyama, umene umapirira madigiri 600 mpaka 650, ndipo wina umapitirira 1,000.

Manambala a pachitini amasokoneza ambiri. Zitini zopangidwira msika wa ku America zimalemba kutentha m'madigiri a Fahrenheit, pamene ku Zambia ndi ku Malawi anthu amawerenga a Celsius. Chitini cholembedwa 500°F chimapirira madigiri 260 okha a Celsius. Cholembedwa 1200°F ndi pafupifupi 650. VHT Engine Enamel, mwachitsanzo, amalembedwa 550°F, omwe ndi 288°C, pamene VHT FlameProof wa ekizozi amafika 2000°F, omwe ndi 1,093°C. Wogula m'masitolo a hadiweya ku Down Shops ku Chipata kapena ku Kamwala ku Lusaka ayenera kuyang'ana kalembo kotsatira nambalayo, F kapena C. Chitini chongojambulidwa malawi a moto popanda nambala iliyonse n'chosadalirika. Ndi bwinonso kukumbukira kuti nambala yolembedwayo nthawi zambiri ndi kutentha kumene penti angapirire kwa kanthawi, osati tsiku lonse.

Msampha waukulu ndi kuganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino paliponse. Penti wa silikoni salimba pongouma ndi mphepo. Amafuna kuwotchedwa pa madigiri 200 kapena kuposerapo kuti akhwime. Pa ekizozi izi zimachitika zokha njinga ikayamba kuyenda. Koma pa chivundikiro cham'mbali chimene sichipitirira madigiri 120, sakhwima mpaka kalekale. Amaoneka bwino tsiku loyamba, koma amakhala wofewa, nsapato ikakhula amachoka, ndipo petulo akadontha kuchokera ku kabyuleta amasungunuka n'kuyenderera. Munthu amakhala atalipira ndalama zambiri pa penti amene sangafanane ndi wotsikirapo mtengo pamalo amenewo.

Mitundu ina iwiri imatchulidwa m'magalaja a m'tauni. Penti wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala olimbitsa, ndi wolimba kwambiri pa petulo ndipo amayenera zivundikiro, koma si wa hedi kapena ekizozi, ndipo nthunzi yake ndi yoopsa m'mapapo moti kansalu kapamphuno sikateteza. Penti wa ufa, wowotchera mu uvuni pa madigiri 180 mpaka 200, ndi wokhuthala, ndiye amayenera felemu osati zipsepse.

Penti wabwino amalephera ngati chitsulo sichinakonzedwe, ndipo mbali imeneyi ndi imene imadya nthawi. Aluminiyamu woumba ali ndi timabowo tosaoneka timene timamwa oyilo kwa zaka. Akatenthedwa, oyiloyo amatuluka pansi pa penti n'kumutukula. Choncho zipangizo zimatsukidwa kaye ndi parafini kuchotsa girizi, kenako ndi madzi otentha a sopo, n'kuziyanika padzuwa lamasana kuti zitenthe, ndipo mafuta akaonekanso zimatsukidwa kachiwiri. Kupukuta komaliza kumachitika ndi thinala pa nsalu yoyera. Dizilo ndi parafini zimasiya mafuta, motero sizingakhale zomalizira. Soda wa kositiki, amene ena amachotsera penti pa zitsulo, amadya aluminiyamu ndipo sayenera kuyandikira hedi. Bulashi yawaya wachitsulo ndi yabwino pa silinda yachitsulo ndi ekizozi, koma pa aluminiyamu imasiya tizitsulo timene pambuyo pake timachita dzimbiri. Pamenepo pamafunika sandipepa wosalala, wa nambala 320 kapena 400, wokulungidwa pa kamtengo kopyapyala kuti alowe m'mipata. Amene wapititsa zipangizo kokawomba ndi mchenga wa makina azitsuke mobwerezabwereza, chifukwa kamchenga kotsalira m'njira ya oyilo kamatha mabering'i atsopano m'masabata ochepa.

Pulaimala amafunika kusamala naye. Wofiira wodziwika uja wopaka mageti sapirira moto, ndipo akaikidwa pansi pa penti wa injini amasupuka n'kutenga wapamwamba yemwe. Ngati pulaimala akufunika, akhale wa kampani imodzi ndi pentiyo ndipo wolembedwa kutentha kofanana. Pa zipsepse, amisiri ambiri amamusiya kuti asakhuthalitse.

Malo ena sayenera kulawa penti n'komwe: pokhala gasiketi, mkati mwa silinda, mazinga a pulagi ndi a mabawuti, ndiponso pamene waya wa ethi amamangidwa, poti penti amatsekereza magetsi ndipo sitata imayamba kuvuta. Onsewa amamatidwa ndi tepi, ndipo m'bowo la pulagi mumaikidwa pulagi yakale. Nambala ya injini nayo imatidwe kapena ipakidwe mopyapyala kwambiri. Ndi imene inalembedwa m'mapepala a bungwe loona za pamsewu la RTSA, ndipo ikakwiririka imabweretsa mafunso pa chipingo cha apolisi kapena pogulitsa njinga.

Nyengo ya m'chigwa ili ndi malamulo akeake pa kupopera. Zitini zambiri zimalangiza kupopera pakati pa madigiri 10 ndi 32, zimene ku Mfuwe mu Okutobala zikutanthauza m'mamawa dzuwa lisanakwere. Masana penti amaumira m'malere asanafike pachitsulo, ndipo amasiya khungu lokhakhala losagwira. M'dzinja vuto ndi chinyontho, chimene chimachititsa penti kutuwa. Miyezi ya Meyi mpaka Julaye ndiyo yabwino, malinga pansi pawazidwe madzi kuti fumbi lisabuke. Chitini chimakhutchumulidwa kwa mphindi ziwiri, ndipo chimagwiridwa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pachitsulo. Kupopera koyamba kumakhala kongowaza, chitsulo chikuonekerabe, ndipo kumalunjika m'mipata ya zipsepse kuchokera mbali zosiyanasiyana. Pakapita mphindi 10 pamabwera kwachiwiri, mwina ndi kwachitatu, basi. Makampani ena amati kupopera konse kuthe mkati mwa ola limodzi, apo ayi munthu adikire masiku asanu ndi awiri, chifukwa penti watsopano pa wouma theka amakwinyika. Ntchitoyi ichitikire pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto ndi fodya. Zitini zopopera siziyenera kutenthedwa kupitirira madigiri 50, ndipo kudenga la malata kapena m'bokosi la njinga yoimikidwa padzuwa zimatha kuphulika.

Chotsiriza ndi kuwotcha. Penti wa injini amakhwima pa madigiri pafupifupi 93 kwa ola limodzi, ndipo kutentha kwa injini yomangidwa kale kumakwanira. Uvuni wophikira buledi usagwiritsidwe ntchito, ngakhalenso kuika hedi pa makala, chifukwa moto wosafanana umapinda aluminiyamu. Wa ekizozi amawotchedwa pang'onopang'ono ali panjinga: malangizo a VHT ndi kuliza injini itaima kwa mphindi 10, kuizimitsa mphindi 20, kuilizanso mphindi 20, kuizimitsanso 20, kenako kuyenda mwachizolowezi kwa mphindi 30. Pa injini yozizira ndi mphepo, mphindi 20 itaima masana a m'chigwa ndi zambiri, makamaka maring'i ali atsopano. Ndi bwino kuchita m'mamawa, kapena kuyenda pang'onopang'ono pamsewu wosalala m'malo moimika. Utsi ndi fungo zotuluka pa ekizozi nthawi imeneyi si vuto. Mpaka penti atakhwima, petulo asadontherepo, ndipo payipi ya kabyuleta ionedwe injini isanalizidwe.

Njinga ikabwerera m'njira za m'mbali mwa mtsinje wa Lupande m'dzinja, matope a mamilimita awiri oumira pakati pa zipsepse amatsekereza kutentha kuposa penti aliyense, ndiponso amatseka njira ya mphepo. Apa penti wosalala amathandiza, chifukwa dothi siligwira zolimba pa iye monga limachitira pa dzimbiri kapena pa aluminiyamu wokhakhala. Matopewo amachotsedwa ndi madzi ndi kamtengo, osati waya, ndipo injini iyambe yazizira, popeza madzi ozizira pa hedi yotentha amang'amba penti ndipo nthawi zina chitsulo chomwe.