Magalasi Onamiza Ubongo

Tambasulani dzanja, muimike chala chachikulu patsogolo panu. Tsinzinani diso lamanzere, kenaka mulitsegule n'kutsinzina lamanja. Chalacho chioneka ngati chikudumpha, chikhalirecho simunachisunthe. Maso a munthu wamkulu ndi otalikirana masentimita pafupifupi 6, choncho diso lililonse limaona zinthu mosiyanako pang'ono ndi linzake. Ubongo umaphatikiza zithunzi ziwirizo, ndipo kusiyana kwakeko ndi kumene kumaudziwitsa kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. Charles Wheatstone wa ku England anafotokoza zimenezi mu 1838, napanga chida choonetsa diso lililonse chithunzi chakechake.

Magalasi a virtual reality, omwe ambiri amangoti VR, amadalira chinsinsi chomwechi. Ndi kabokosi komangirira kumutu kamene kamaphimbiratu maso. Mkati mwake muli sikirini pafupi kwambiri ndi maso, ndipo pakati pamakhala mandala opangitsa kuti chithunzicho chioneke ngati chili patali. Mulinso tizipangizo tomva kusuntha kwa mutu, ndi timakamera toyang'ana chipinda chomwe munthu waimamo. Mukacheukira kumanzere, kompyuta imajambulanso zonse monga momwe zingaonekere kumanzereko. Mukawerama, tebulo lomwe kulibe limakuyandikirani.

Vuto lalikulu lagona pa liwiro. Mkati mwa khutu muli kachiwalo komva kupendekeka ndi kutembenuka kwa thupi. Khutu likanena kuti mutu watembenuka pomwe maso akuonabe chithunzi chakale, ubongo umasokonezeka, munthu n'kuyamba chizungulire, thukuta ndi nseru, monga zimachitikira ena akamawerenga foni mu minibasi ikuthamanga. N'chifukwa chake magalasi ambiri amasintha chithunzi maulendo 90 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, ndipo opanga amayesetsa kuti chithunzi chisachedwe kupitirira mamilisekondi 20 mutu ukasuntha. Makompyuta akale sankakwanitsa zimenezi. Chida chomwe Ivan Sutherland anapanga ku Harvard mu 1968 chinkangoonetsa mizere yopanga kabokosi, ndipo chinkalumikizidwa ku chitsulo cholendewera kudenga chomwe chinkatsatira mutu wa wovalayo. Mu 1995 kampani ya Nintendo inatulutsa Virtual Boy, ya zithunzi zofiira ndi zakuda zokhazokha. Anthu anadandaula mutu ndi maso, malonda n'kufa pasanathe chaka.

Zinthu zinasintha mafoni amakono atachuluka, pakuti masikirini aang'ono ndi tizipangizo tomva kusuntha zinatsika mtengo. Mu 2012 mnyamata wina wa ku California, Palmer Luckey, anapempha thandizo pa intaneti kuti apange magalasi a Oculus Rift, ndipo anatolera madola oposa 2 miliyoni. Patangopita zaka ziwiri, Facebook inagula kampani yakeyo pamtengo wa madola pafupifupi 2 biliyoni.

Palinso mtundu wina, augmented reality kapena AR. Uwu suphimba dziko. Mumaonabe chipinda chanu, koma kompyuta imaikapo mawu, mivi kapena zithunzi pamwamba pa zinthu zenizenizo. Ganizoli linakula kufakitale ya ndege ya Boeing cha m'ma 1990, pomwe Tom Caudell ankafuna njira yosonyezera amisiri podutsa waya uliwonse wa ndege popanda kumangoyang'ana pamapepala. Anthu wamba anazidziwira pa gemu ya Pokémon Go mu 2016, ngakhale kuti iyo inali ya pafoni.

Otsatsa malonda amakonda kukamba za magemu ndi misonkhano ya m'dziko lopeka. Facebook inafika posintha dzina kukhala Meta mu 2021 pofuna kutsogolera zimenezi. Kwa ine, phindu lenileni la magalasiwa lili kwina: amalola munthu kuyeseza ntchito yoopsa n'kulakwitsa popanda wofa. Oyendetsa ndege anazindikira izi kalekale, pakuti Edwin Link anapanga makina ophunzirira kuulutsa ndege munthu ali pansi mu 1929. Tsopano mwayi womwewo wafika kuchipatala.

Mu 2022, ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil, madokotala analekanitsa mapasa omwe anabadwa atalumikizana mitu. Asanagwire mpeni, anatenga zithunzi za mkati mwa mitu za CT ndi MRI n'kupanga mitu ya anawo pakompyuta. Madokotala a ku Rio ndi Noor ul Owase Jeelani wa kuchipatala cha Great Ormond Street ku London ankavala magalasi, aliyense ali kwawo, n'kukumana m'chipinda chimodzi chopeka, kumayeseza podula ndi polambalala mitsempha ya magazi. Anachita zimenezi kwa miyezi. Opaleshoni yomaliza inatenga maola oposa 27, ndipo ana onse awiri anapulumuka.

Odwala nawonso amavala magalasiwa. Munthu wopsa ndi moto amamva ululu wosaneneka anamwino akamatsuka mabala ndi kusintha mabandeji. Ku University of Washington, Hunter Hoffman ndi David Patterson anapanga SnowWorld, dziko la chipale chofewa momwe wodwala amayandama m'chigwa chozizira, akugenda tizilombo ndi mibulu ya chipalecho. Ubongo sungatsatire zinthu zambiri nthawi imodzi, ndiye maganizo akatanganidwa ndi masewerawo, odwala ankanena kuti ululu wachepa. Mankhwala opha ululu amaperekedwabe, magalasiwo amangothandizira.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku Lusaka. Khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri ku Zambia ndi ku Malawi, maiko omwe ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo madokotala odziwa opaleshoni yake ndi owerengeka. Akatswiri a ku Zambia, mogwirizana ndi a ku Southern Methodist University ku America ndi King's College London, anatenga magalasi a Oculus Rift, omwewa ogulitsidwira magemu, n'kukonza chipinda cha opaleshoni chopeka chophunzitsira madokotala achinyamata a pa University Teaching Hospital kuchotsa chiberekero chodwala khansa. Wophunzira amagwira tizogwirira tiwiri m'manja, koma m'magalasimo amaona mpeni ndi zopanira. Kompyuta imamuuza pomwe waphonya ndi nthawi yomwe watenga, ndipo angathe kubwereza kakhumi tsiku limodzi.

Komabe tisaiwale zomwe magalasiwa sangathe. Dzanja la dokotala limaphunzira pomva kufewa ndi kulimba kwa mnofu, pamene tizogwirira timangonjenjemera m'manja. Magazi a pakompyuta sachititsa mantha. Wophunzira wa ku Lusaka ayenerabe kuima pambali pa dokotala wamkulu m'chipinda chenicheni. Mtengo nawonso ndi wosiyanasiyana kwambiri: magalasi a Quest 2 anatuluka mu 2020 pa madola 299, pomwe a Apple Vision Pro anatuluka mu 2024 pa madola 3,499. Batire la ambiri limatha pakangopita maola awiri kapena atatu, zomwe si nkhani yaing'ono kumalo kumene magetsi amazimazima. Ndipo timakamera tija timajambula mkati mwa nyumba ya munthu, tina timatsatira ngakhale komwe diso likuyang'ana, choncho chipatala kapena sukulu yogula magalasiwa iyenera kufunsa kaye kuti zonsezo zimasungidwa kuti, ndipo amaziona ndani.