Kodi mumadziwa?

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli achinyamata amene amajambula mafilimu ndi mavidiyo a nyimbo, ena pafoni chabe, n'kuwaika pa YouTube ndi Facebook. Malowa anali ndende ya akaidi a ndale mu ulamuliro wa Kamuzu, ndipo anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994. Mafilimuwo amakhala a m'Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa, motero amaonedwanso ndi abale awo amene anasamukira ku America, Canada ndi Australia. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe anachiyambitsa mlakatuli Menes La Plume mu 2014, chinathandizanso kuti luso la pamsasapo lidziwike.

Komatu kutchuka pa intaneti si ndalama ayi. Kumayiko komwe YouTube imalipira, mlingo wodziwika ndi anthu 1,000 otsatira tchanelo komanso maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Kwa Mponela kapena ku Ntchisi, komwe bandulo ndi yodula, ambiri amangopatsana filimu pa memori khadi kapena pa WhatsApp. Filimu imafalikira ndithu, koma YouTube siwerenga oonera amenewo.