Mdani akasowa pogwira

M'mipingo yambiri masiku ano nkhani ya adani ndiyo imadzaza mabenchi. Pamapemphero ochezera usiku anthu amabweza mivi kwa oitumiza, ena amagula mafuta odzozera ndi madzi oti akawaze pakhomo. Mantha amenewa si oseka nawo. Komabe Paulo, polembera Akhristu a ku Efeso ali m'maunyolo, atandandalika zida za msilikali m'mutu 6, anaika chilungamo pamalo a chitsulo chophimba chifuwa, pamene pali mtima ndi mapapo. Chida chimenechi sichigulidwa kwa mneneri aliyense, ndipo ntchito yake ambiri sitiikonda kwenikweni, chifukwa adani sichiwathamangitsa. Chimangowasowetsa pogwira.

Mfumu Dariyo inali ndi akalonga 120 ndi nduna zitatu zowayang'anira kuti chuma cha boma chisamasowe, ndipo Danieli anali mmodzi mwa atatuwo. Anzake atamva kuti akufuna kumukweza, anafufuza ntchito yake yonse, koma sanapeze katangale kapena kutayirira. Anachita kupeka lamulo latsopano loletsa kupemphera kwa wina aliyense kupatula mfumu kwa masiku 30 kuti apeze chomukolera. Zinali zosiyana ndi Davide. Atachimwa ndi Batiseba, analembera Yowabu kalata yoti Uriya, mwamuna wa Batiseba, aikidwe pamene nkhondo yafika povuta kuti afe. Kuyambira tsikulo mkulu wa asilikaliyo anasunga chinsinsi cha mbuye wake. Pambuyo pake Yowabu anapha Abisalomu mfumu italetsa, anaphanso Amasa, koma Davide anamwalira osamulanga, mlanduwo nkuusiyira Solomo. Zifukwa zinalipo zingapo, koma nkovuta kukalipira munthu amene anawerenga kalata yotere. Mayesero amayendanso chimodzimodzi. Kalaliki wa m'boma akalandira kangachepe koyamba, kachiwiri sakhalanso ndi pakamwa pokanira, popeza womupatsayo akumudziwa. Kubedwa kwa mabiliyoni a makwacha pa Cashgate mu 2013 kunafuna manja ambiri osainira malipiro a katundu amene sanafike, ndipo aliyense amene anasaina kamodzi anakhala kapolo wa anzake.

Wina anena kuti: nanga Danieliyo sanaponyedwe m'dzenje la mikango? Anaponyedwamo ndithu. Iye anatulukamo wamoyo, koma Naboti, amene anakana kugulitsa munda wa makolo ake kwa Ahabu, anaponyedwa miyala nafa. Mu February 1977 mabishopu a Anglican ku Uganda analembera Idi Amin kalata yodzudzula kuphedwa ndi kusowa kwa anthu. Pa 16 February, Arkibishopu Janani Luwum anaimikidwa pagulu mu Kampala, akumuneneza kuti akubisa zida zogwetsera boma, ndipo m'mawa mwake boma linalengeza kuti wafa pangozi ya galimoto. Mlaliki amene amalonjeza kuti wolungama sagwidwa ndi tsoka akunamiza nkhosa zake. Koma tiyang'anitsitse zimene adani anakakamizika kuchita. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, anachita kukonza mboni zabodza. Amin ananama kawiri, ponena za zida ndi ponena za ngozi. Anatha kupha Luwum, koma sanathe kumugula kapena kumuopseza ndi nyansi zake zakale kuti akhale chete, ndipo icho ndicho boma lankhanza limafuna koposa: mbusa wamoyo amene amavomereza zilizonse. Chikhristu chimati chinthu chamtengo wapatali mwa munthu ndi chikumbumtima chake pamaso pa Mulungu. Amene sakhulupirira zimenezi adzati chitetezo chake nchochepa, ndipo mtsutsowo ndi womveka. Masiku ano 16 February ndi tsiku la tchuthi ku Uganda pokumbukira Luwum.

Funso lolemera kwambiri limachokera kwa munthu amene anagwa kale. Ngati chitetezo ndi mbiri yoyera, ndiye ambirife tili pambalambanda. Apa ndi pamene chiphunzitsochi chimasiyana ndi kudzitama kwa Mfarisi uja wa mu Luka 18. Mneneri Zekariya anaona mkulu wa ansembe Yoswa atavala zauve, Satana ataima pambali kuti amuneneze, ndipo zovala zoyera anachita kumuveka. Chilungamo chimayamba ngati mphatso, kenako chimafuna kuonekera m'zochita. Zakeyu wa ku Yeriko analonjeza pagulu kubweza kanayi zonse zimene ananyenga anthu, ndipo kuyambira pamenepo panalibe woti nkumuopseza kuti amuulula. Kwa kalaliki uja njira yake ndi yomweyo, ngakhale ingamuchotsetse ntchito kapena kumufikitsa kukhoti. Ulaliki wotere sudzaza mbale ya chopereka, mwina nchifukwa chake mafuta odzozera akuyenda malonda kuuposa.