Mwana akaitanidwa ku Joni, za sukulu zimayambira kuno

M'midzi yozungulira phiri la Chongoni, kuchokera ku Mphunzi mpaka ku Linthipe, mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni. Bambo amatsogola, mayi n'kutsatira, ana n'kutsala ndi agogo kapena amayi aang'ono. Pakapita zaka ziwiri zitatu foni imalira: "Amayi, mwanayo mumukonzekeretse, abwere kuno." Agogo amachapa zovala, amakazinga mtedza, amamanga kaufa kakamba. Chimene chimaiwalika ndi mapepala a sukulu, ndipo mwana amene kuno amapita ku sukulu tsiku ndi tsiku amakafika ku Johannesburg kapena ku Cape Town n'kukhala m'chipinda chaka chathunthu, kulera mng'ono wake makolo ali ku ntchito.

Makolo ambiri amamusunga mwana m'nyumba chifukwa cha mantha. Amaganiza kuti mwana wa mlendo wopanda mapepala sangalandiridwe, ndipo kupita naye ku sukulu ndi kudziulula okha. Lamulo la dziko lija silinena choncho. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wa maphunziro oyamba kwa munthu aliyense, osati nzika zokha. Pa 12 Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape, linagamula mlandu wa ana 37 amene anachotsedwa kapena kukanidwa m'sukulu chifukwa chosowa ziphaso. Khotilo linati mwana wotere alandiridwe, ndipo ngati chiphaso cha kubadwa palibe, mphunzitsi wamkulu alandire kalata yolumbira ya kholo kapena womusunga, yofotokoza kuti mwanayo ndani. Kalatayi kumeneko amaitcha affidavit, ndipo imalembedwa ku polisi. Lamulo latsopano la maphunziro limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasayina mu Seputembala 2024 linabwerezanso mfundo yomweyi.

Izi sizikutanthauza kuti mapepala ndi opanda ntchito. Kalaliki wa pa sukulu sakhala akuwerenga zigamulo za makhoti. Kholo limene lafika chimanjamanja limauzidwa kuti "mubwere mawa" mpaka teremu kutha, pamene lofika ndi envulopu yodzaza limathana nazo msanga. Ndipo envulopuyo amadzaza ndi ife otsala kuno, chifukwa maofesi onse opereka mapepalawo ali kwathu.

Choyamba ndi chiphaso cha kubadwa, chochokera ku National Registration Bureau. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala lamulo m'dziko muno kuyambira mu 2015, koma ana ambiri analembetsedwa ku chipatala chiphaso osakatenga. Kafunseni ku ofesi ya kalembera kwa DC ku Dedza boma, ndipo musadikire sabata ya ulendo. Mukalandira, werengani dzina ndi tsiku lobadwa mofatsa. Kwathu mwana mmodzi amatha kukhala ndi dzina lakubadwa, dzina laubatizo ndi dzina la kusukulu, kwinaku mfunda wa bambo, kwinaku wa malume. Ife timadziwa kuti ndi mwana yemweyo, koma kompyuta ya ku Joni imaona ana atatu. Dzina lofanana likhale pa chiphaso, pa pasipoti ndi pa mapepala a sukulu.

Chachiwiri ndi buku la kusikelo. Sukulu za kumeneko zimafuna umboni woti mwana analandira katemera wa poliyo, chikuku, chifuwa chachikulu, kafumbata ndi matenda ena. Buku lathu lija, ngakhale lada ndi utsi, ndi umboni. Ngati linatayika kapena katemera wina anadumphidwa, kambiranani ndi alangizi a zaumoyo mwana asananyamuke.

Chachitatu ndi kalata ya transifa pamodzi ndi malipoti a mayeso, kuchokera kwa ahedi. Pemphani kuti ilembedwe m'Chingerezi, ikhale ndi chidindo cha sukulu, ndipo itchule kalasi imene mwana wamaliza. Khadi la ubatizo liikeninso momwemo. Sililowa m'malo mwa chiphaso cha boma, koma limachitira umboni tsiku lobadwa ndi mayina a makolo, ndipo lidzafunika mwana akamayamba maphunziro a Ukaristia kapena Ulimbitso ku parishi yachilendo. Mapepala onsewa ajambuleni pa foni, ndipo fotokope imodzi itsale kuno m'sutukesi.

Pamene ana ambiri amatayira chaka ndi pa nkhani ya miyezi. Kuno chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala n'kutha mu Julaye. Ku South Africa chimayamba mu Januwale n'kutha kumayambiriro kwa Disembala. Malo a Januwale safunsidwa mu Januwale, amafunsidwa chaka chisanathe, kudakali miyezi yambiri. Ku Western Cape, kumene kuli Cape Town, kalembera amachitika cha mu Malichi ndi Epulo. Ku Gauteng, kumene kuli Johannesburg ndi Pretoria, ofuna malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amalembetsa pa intaneti cha pakati pa chaka. Tiyerekeze mtsikana amene watseka sukulu kuno mu Julaye n'kukwera basi mu Ogasiti. Akafika, anzake ali m'teremu yachitatu, ndipo kalembera wa chaka chamawa watsekedwa kapena ali pafupi kutsekedwa. Sukulu zapafupi zadzaza. Ngati makolo ake sanalembetse iye akadali kuno, akhoza kudikira mpaka Febuluwale kapena Malichi kuti ofesi ya maphunziro imupezere malo, mwina kutali ndi kumene akukhala. Nzeru yake ndi yakuti makolo alembetse mwana asanabwere, ndi zithunzi za mapepala zimene mwawatumizira pa WhatsApp, mwanayo apitirize kuphunzira kuno mpaka Disembala.

Makalasi nawo sagwirizana ndendende. Pulayimale yathu ndi ya zaka zisanu ndi zitatu, yawo imayamba ndi Giredi R, kalasi yokonzekera, n'kuthera pa Giredi 7. Giredi 8 ndi sekondale kale, ndipo sekondaleyo imathera pa Giredi 12 ndi mayeso a matric. Poika mwana m'kalasi amayang'ana msinkhu ndi lipoti. Apa pamavuta ana athu amene anayamba sukulu mochedwa kapena anabwereza kawirikawiri: mnyamata wa zaka 14 wa Sitandade 5 amaoneka wamkulu kwambiri pakati pa anzake a Giredi 5. Chiyankhulo ndi phiri lina. Mwana aliyense amaphunzira ziyankhulo ziwiri, kawirikawiri Chingerezi ndi china monga Chizulu, Chixhosa kapena Afrikaans, ndipo Chichewa palibe. Wa zaka zisanu ndi ziwiri amatola chiyankhulo pa masewera miyezi yochepa. Wa Folomu 2 amavutika. Maganizo anga ndi akuti mwana amene watsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso a MANEB, a Sitandade 8 kapena a Folomu 4, ayambe walemba kaye. Makolo akakakamira, agogo ali ndi mphamvu yonena kuti adikire.

Za fizi, sukulu zambiri za boma za m'madera osauka salipiritsa. Zina zimalipiritsa, koma kholo lopeza zochepa likhoza kudzaza fomu yopempha kuchotseredwa. Sukulu ya boma siloledwa kukana mwana chifukwa cha fizi, kapena kumulembetsa mayeso kuti ione ngati imulandire. Yunifolomu, nsapato ndi thiransipoti zili kwa kholo. Sukulu ikakana, kholo lipemphe kuti chifukwa chake chilembedwe pa pepala, litengere pepalalo ku ofesi ya maphunziro ya m'deralo. Alipo mabungwe othandiza alendo kwaulere, monga Scalabrini Centre ku Cape Town ndi Lawyers for Human Rights. Ku Johannesburg, pa Sacred Heart College, sukulu ya a Marist omwe timawadziwa ku Mtendere, mu 2008 panayambika ntchito yotchedwa Three2Six, yophunzitsa ana a alendo amene asowa malo m'sukulu.

Mawu amodzi pa za ulendo. Mwana ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake. Masiku 30 amene Mmalawi amadindiridwa pa Beitbridge ndi a kucheza, ndipo chilolezo cha kuphunzira chimafunsidwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ufulu wolowa m'kalasi sukonza za chilolezozi, ndipo mwana akadzafika zaka 18 vutolo lidzakhala lake. Koma chimene sitiyenera kuvomera n'komwe ndi kupereka mwana kwa matransipota kuti amuolotse mozemba pa Calomue, pa Nyamapanda ndi pa Limpopo. Ulendo wa masiku awiri atatu, mtsikana ali m'manja mwa amuna osawadziwa, palibe sukulu imene ingalipire zimene zingamuonekere pa njira.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene timaiona kwathu konkuno. Ana amabwereranso, ena anabadwira komweko, amayankhula Chizulu, Chichewa n'chothyokathyoka. Wobadwira ku South Africa kwa makolo a Chimalawi sakhala nzika ya dziko lija chifukwa chobadwirako, choncho makolo asunge kalata ya ku chipatala ndi ya ku Home Affairs kuti adzamulembetse kuno. Pobwera atenge lipoti lomaliza ndi transifa. Akafika mu Disembala musamusunge mpaka Seputembala. Pitani naye kwa ahedi teremu yachiwiri ikamayamba mu Januwale, ndipo pakavuta pa za kalasi, kaonaneni ndi a PEA ku TDC ya m'dera lanu.