Kugula Mbewu Ikadali M'munda

Pa 25 Juni, chaka cha 2009 chisanafike pakati penipeni, mayina a anyamata 60 anaitanidwa mu mzinda wa New York, m'dziko la Amereka. Linali tsiku limene matimu a bungwe la NBA, limene limayendetsa mpikisano waukulu koposa wa mpira wa basiketibolo pa dziko lonse, amasankha osewera atsopano. Dzina loyamba linali la Blake Griffin. Lachiwiri linali la Hasheem Thabeet, mwana wa ku Dar es Salaam, wotalika mamita 2.21, amene anali atasewera zaka zitatu pa University of Connecticut. Sikunachitikepo ndi kale lonse kuti munthu wobadwira ku Tanzania alowe mu NBA.

Tisanapite patali, nkoyenera kuti owerenga adziwe m'mene chisankho chimenechi, chimene eni ake amachitcha draft, chimayendera. Mu NBA muli matimu 30, ndipo timu iliyonse imakhala ndi mwayi wosankha kawiri. Kuti olemera asamangolemerabe, matimu amene sanachite bwino ndiwo amayamba kusankha, ndipo malo oyambirira amagawidwa pochita maere. Chiyambire 2006, wosankhidwa ayenera kukhala wokwanitsa zaka 19 m'chaka chimenecho, nchifukwa chake anyamata ambiri amayamba apita kukoleji. Makoleji a m'gulu lapamwamba alipo oposa 350, ndipo iliyonse ili ndi osewera oposa khumi. Wodziwa masamu aone yekha kuchepa kwa khomo limene anyamata zikwizikwi amalimbirana.

Timu ya Memphis Grizzlies inali itapambana masewero 24 okha mwa 82, ndipo maere anaipatsa malo achiwiri. Zifukwa zimene inasankhira Thabeet sizinali zopusa ayi. M'chaka chake chomaliza pakoleji, pansi pa mphunzitsi Jim Calhoun, mnyamatayu ankapeza mapointi 13.6 pa sewero lililonse, kuwakha mipira yobwerera pafupifupi 11, ndi kutchinga mipira inayi imene ikadalowa m'dengu. Kawiri konse, mu 2008 ndi 2009, anasankhidwa kukhala wotchinga woposa onse m'chigawo cha Big East, ndipo timu yake inafika pa matimu anayi otsiriza mu mpikisano wa makoleji a dziko lonse. Kuwonjezera apo, iye anali atayamba masewerowa mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 15. Ofufuza luso anaganiza motere: ngati wafika apa m'zaka zochepa chotere, nanga akakhwima adzafika pati? Luso munthu angaphunzitsidwe, koma msinkhu ngwobadwa nawo.

Komatu panali ena amene ankakayika, ndipo kukayika kwawo kunali ndi maziko. Mpira wa pakoleji ndi wa mu NBA ndi wosiyana ngati dziwe ndi nyanja. Pakoleji sewero limatha mphindi 40, mu NBA 48. Pakoleji munthu wamtali amaloledwa kuima pansi pa dengu ngati mlonda wa pakhomo, kudikira adani kuti abwere okha. Mu NBA lamulo limaletsa wotchinga kukhala pamalo amenewo kupitirira masekondi atatu popanda mdani amene akumuyang'anira pafupi. Motero chimphona chimakakamizika kutuluka, kukathamangitsana ndi anyamata aafupi ndi aliwiro. Ndiponso kumeneko kutchinga kokha sikukwanira. Pamafunika manja ogwira mpira bwino, mapazi odziwa kutembenuka, ndi nzeru yoona mnzako amene ali poyera. Izi ndi zinthu zimene mwana woyamba masewero ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri amaziphunzira osadziwa, ndipo Thabeet anali asanazimalize.

Zotsatira zake sizinachedwe kuoneka. Ku Memphis kunali kale Marc Gasol wa ku Spain, amene ankasewera pamalo omwewo, choncho mlendoyo ankatha nthawi yambiri ali pabenchi. Mu Febuluwale 2010 anatumizidwa ku timu ya Dakota Wizards ya mu ligi yaing'ono yophunzitsira, ndipo pa nthawiyo panalibe wina wosankhidwa pamalo apamwamba chotero amene anatsitsidwapo motere. Mu 2011 anasinthanitsidwa kupita ku Houston, kenaka ku Portland, kenakanso analowa timu ya Oklahoma City. Pofika 2014 ulendo wake mu NBA unali utatha, atasewera masewero 224 ndi kupeza mapointi ongopitirira pang'ono awiri pa sewero. Pambuyo pake anakasewera m'maiko ena monga Japan ndi Taiwan.

Chimene chimawawitsa mtima anthu a ku Memphis ndi mayina amene anaitanidwa pambuyo pake tsiku lomwelo. Wachitatu anali James Harden, amene mu 2018 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NBA. Wachisanu ndi chiwiri anali Stephen Curry, wochokera pa koleji yaing'ono ya Davidson, amene ambiri ankamuona kuti ngwowonda ndi wopanda mphamvu. Curry ameneyo anatsogolera Golden State Warriors kutenga chikho mu 2015, 2017, 2018 ndi 2022. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma apa taonanso kuti chipatso chonyozeka maonekedwe chingathe kukhala chotsekemera kuposa zonse za mumtengo.

Kodi tinene kuti kusankha chimphona choyamba masewero mochedwa nkulakwa nthawi zonse? Mbiri ikukana. Mu 1984 timu ya Houston Rockets inasankha pamalo oyamba Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, m'dziko la Nigeria, amenenso anayamba basiketibolo ali wamkulu kale, atasewerapo mpira wamiyendo ngati goloboyi. Kusiyana kwake nkwakuti Olajuwon, ali pa University of Houston, ankatha nthawi ya tchuthi akulimbana ndi Moses Malone, katswiri wa mu NBA, amene ankamukankha ndi kumugonjetsa mpaka anaphunzira. Pamene ankasankhidwa, mapazi ake anali atayamba kale kuchita zimene zinadzamutchukitsa, ndipo anabweretsa chikho ku Houston mu 1994 ndi 1995. M'chisankho chomwecho cha 1984, Portland inatenga Sam Bowie pamalo achiwiri, nisiya Michael Jordan kuti atengedwe ndi Chicago. Bowie anali wodziwa mpira, koma miyendo yake inkathyoka kawirikawiri. Apa mpamene tionera kuti ofufuza luso angayeze msinkhu, utali wa mikono ndi liwiro, koma mawa la munthu alibe chingwe choliyezera.

Nambala imene mnyamata amapatsidwa pa tsiku la chisankho, tsono, ndi mtengo wa chiyembekezo. Timu imakhala ngati wamalonda wogula chimanga chikadali m'munda, ngaiyaye zitangotuluka, mvula isanathe. Akalipira ndalama zambiri amafuna kukolola msanga, ndipo apa mpamene pagona tsoka la wosankhidwa pamwamba. Thabeet akadatengedwa pa nambala 25, bwenzi anthu akumuona ngati wophunzira woyenera kumupirira, ndipo zaka zisanu mu NBA zikadakhala za ulemu. Koma nambala yachiwiri inamusenzetsa katundu wa katswiri pamene iye anali akadali m'kalasi. Kuona maso a nkhono nkudekha, koma timu imene yagonja ka 58 m'chaka chimodzi ilibe nthawi yodekha.

Tisamunyoze mnyamata wa ku Dar es Salaam. Anafika pamene anzake zikwizikwi amangopalota, ndipo anatsegula khomo limene ana a dziko lake sankadziwa kuti liliko. Mlandu waukulu uli kwa iwo amene anamuyeza ndi maso, namupatsa mtengo wa chinthu chimene anali asanakhale. Makolo, aphunzitsi ndi onse osula achinyamata, kaya ndi pabwalo la masewero kaya m'kalasi, aikepo mtima pa nkhani imeneyi. Mwana wa mphatso yooneka msanga timathamangira kumutamanda ndi kumukweza, nitiiwala kufunsa zimene sanaphunzire. Pamene tamuika pamwamba asanakhwime, akagwa timati watikhumudwitsa, chonsecho makwerero tinamuchotsera ndife.